Anandichotsa chiberekero ndili ndi zaka 38, pano ndikungoiwalaiwala: kodi mutu wanga ukuwonongeka?

Funso ili lachokera kwa mayi wa zaka 41, mphunzitsi wa kupulayimale. Ndalidulako pang'ono poti linali lalitali.

"Adokotala, ine anandipanga opaleshoni ndili ndi zaka 38 chifukwa cha zotupa za mchiberekero, ndinkataya magazi kwambiri. Anangoti achotsa chiberekero, zina sanandiuze. Sipanathe ndi mwezi womwe ndinayamba kumva kutentha ngati wina wandiikira mbaula pachifuwa, usiku thukuta mpaka kudzuka kusintha chitenje. Koma chomwe chandiopsa ndi mutu. Ndikumaiwala mayina a ana a mkalasi mwanga, ana oti ndakhala nawo chaka chonse, ndiwo ndimathira mchere kawiri, tsiku lina ndinaima pa bolodi choko chili kumanja mawu atandithawa, ana akungondiyang'ana. Agogo anga ankaiwalanso mpaka kumudzi anayamba kuwanena kuti ndi mfiti. Kodi nanenso ndikupita komweko?"

Mayi, pepani kwambiri, ndipo mwachita bwino kulemba mosabisa. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani mtenderecho: pa zomwe mwafotokozazi, ayi, izi sizikufanana ndi matenda omwe anagwira agogo anu. Simukupenga, palibe wakulodzani, ndipo choko musachisiye. Koma sindikuuzaninso kuti ndi ukulu basi ingopirirani ngati mmene amayi ambiri amauzidwira, chifukwa zaka 41 si ukulu ayi, pali chinthu chenicheni chomwe chinachoka mthupi mwanu nthawi yake isanakwane, ndipo chinthucho chimatheka kubwezeretsa.

Musanapite kulikonse funani buku lanu la kuchipatala lija munali nalo nthawi ya opaleshoni, olo litang'ambika bwanji, olo lili pansi pa sutikesi. Tsegulani tsamba la tsiku lomwe anakutulutsani. Mukaona palembedwa TAH pokha nde kuti anachotsa chiberekero chokha. Mukaona TAH + BSO, zilembo zitatu zomalizazo zikutanthauza kuti anachotsanso mabasiketi a mazira onse awiri pamodzi ndi machubu ake. Kusiyana kwake ndi kwakukulu zedi, chifukwa chiberekero pachokha sichipanga mahomoni, ndi nyumba ya mwana basi, omwe amapanga homoni ya estrogen ndi mabasiketiwo. Mayi amene wachotsedwa chiberekero chokha amasiya kusamba inde, koma mahomoni amakhala akuyendabe mmagazi mwake kwa zaka. Inu mwati kutentha kunayamba mwezi usanathe, nde ine ndikuganiza kuti mabasiketi anachotsedwa, kapena anatsala koma mitsempha yomwe imawapatsa magazi inakhudzidwa pa opaleshoni mpaka anafooka msanga, izinso zimachitika. Ngati bukulo linasowa, kuli kuyeza magazi kotchedwa FSH, ikapezeka yokwera kwambiri imatiuza kuti mabasiketi sakugwiranso ntchito.

Apa ndivomere kuti ife a mzipatala timalakwitsa, ndipo zimandipweteka. Pa wodi pamakhala anthu ambiri, timayang'ana bala ngati lauma, timaona ngati magazi abwerera, kenako timalemba kuti atuluke, mayi nkumapita kwawo akuthokoza kuti kutaya magazi kwatha koma palibe wamukhazika pansi nkumuuza kuti mayi, tachotsa ichi ndi ichi, mmasabata akubwerawa mumva zakutizakuti, ndipo pali mankhwala. Ndinaonapo mayi wina wogulitsa kaunjika amene anabwera patatha zaka zambiri chimupangireni opaleshoni, atayenda kale kwa asing'anga ndi kumapemphero a usiku chifukwa ankalakwitsa chenji pa benchi yake, munthu woti kale ankawerengera pamtima bele yonse. Anatulutsa buku lake mu jumbo, lokutidwa ndi nyuzipepala, zilembo zitatu zija zili pomwepo, ndipo zaka zonsezo palibe anamuwerengera.

Tsono estrogen akukhudzana bwanji ndi mutu, poti ambiri timangomudziwa pa nkhani ya kumwezi ndi kubereka? Ubongo ndi kanthu kochepa, pa kulemera kwa thupi lonse umangotenga magawo awiri pa 100 aliwonse, koma umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi, ndipo chakudya chake chachikulu ndi shuga wa mmagazi. Estrogen amathandiza maselo a ubongo kuwotcha shugayo kuti apeze mphamvu. Malo omwe estrogen amakamatirira ndi ambiri mkachigawo kotchedwa hippocampus, komwe kamalandira ndi kusunga zinthu zatsopano, ngati dzina la mwana amene wabwera teremu ino, komanso kutsogolo kwa ubongo kuseri kwa chipumi komwe kumagwira ntchito yoika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kusaka mawu pamene mukuyankhula. Aliponso mkachigawo kena kamene kamayang'anira kutentha kwa thupi, nchifukwa chake mbaula ija ya pachifuwa ndi kuiwala zimabwera limodzi, gwero lake ndi limodzi.

Izi anthu anaziona ndi maso. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Catherine Woolley ndi Bruce McEwen a ku Rockefeller University ku New York anayang'ana ubongo wa makoswe aakazi pa makina okulitsa zinthu, ndipo anapeza kuti timinga ting'onoting'ono tomwe maselo a mu hippocampus amalumikizirana timachuluka estrogen akakwera, nkuchepa ndi pafupifupi magawo 30 pa 100 akatsika, mmasiku ochepa chabe. Makoswe si anthu, zoona. Koma zisanachitike izi, mu 1988, Barbara Sherwin wa ku McGill University ku Montreal anali atayeza kale amayi enieni asanachotsedwe mabasiketi ndi pambuyo pake. Omwe sanapatsidwe mahomoni anatsika pa mayeso okumbukira, omwe anapatsidwa sanatsike. Ndipo mbali yomwe kafukufuku wa mtundu uwu amaipeza kawirikawiri kuti yakhudzidwa ndi ya kukumbukira mawu, nde mukamati mawu anakuthawani pa bolodi mukunena chinthu chomwe chinalembedwa kale mmabuku a zachipatala.

Mayi aliyense amadzasiya kusamba, ambiri pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo mmaiko momwe anawerengera bwino zaka zapakatikati zimagwera pa 51. Kwa mayi wotere estrogen amatsika pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ngati mtsinje umene ukuphwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ubongo umapeza nthawi yozolowera. Ngakhale choncho ambiri amadandaula kuiwala pa nthawi imeneyi. Ku America kuli kafukufuku wamkulu wotchedwa SWAN amene watsatira amayi opitirira 3,000 kuyambira m'ma 1990, ndipo mu 2009 anatulutsa zoti pa nthawi yosinthayi amayi ankavutika kugwira zinthu zatsopano msanga, koma atadutsa nthawiyo ambiri anabwerera mwakale. Lisa Mosconi wa ku Weill Cornell anajambula ubongo wa amayi pa sikani nkuona zofananako, kuti kagwiritsidwe ka shuga kamatsika pa nthawi yosintha kenako ubongo umapeza njira zina zodzithandizira. Nde kwa mayi wa zaka 50 amene akuiwala pomwe waika foni, nthawi zambiri ndimamuuza kuti limbani mtima zidutsa.

Inu nkhani yanu ndi ina. Kwa inu mtsinje sunaphwe pang'onopang'ono, wina anangotseka mpopi tsiku limodzi, munalowa mu fiyeta mahomoni ali odzaza nkutuluka atatsala pang'ono kutheratu, ndipo izi zinachitika zaka 12 kapena 13 nthawi yake isanafike. Kusiya kusamba usanakwane zaka 45 timati kwafulumira, usanakwane 40 ndiye kwafulumira kwambiri, ndipo madokotala timakutenga ngati vuto lofunika chithandizo, osati ngati ukalamba wamba. Si opaleshoni yokha imene imabweretsa izi. Mankhwala a khansa aja a mudiripi amatha kupha mabasiketi, kuwotcha khansa ya khomo la chiberekero ndi makina nakonso kumawapha, ndipo poti khansa imeneyi kwathu kuno ndi yochuluka kuposa maiko ambiri padziko lapansi komanso imagwira amayi achichepere, tili ndi amayi ambiri omwe anapulumuka khansa koma akuvutika ndi izi mwakachetechete. Ena zimangochitika zokha popanda chifukwa chooneka, pafupifupi mayi mmodzi mwa 100 kapena kuposerapo asanafike zaka 40. Fodya amafulumizitsanso. Palinso amayi omwe anataya magazi ambiri pobereka, kenako mkaka osatuluka, kumwezi osabwereranso, thupi lofooka nthawi zonse, amenewo vuto limakhala pa kachiwalo ka pansi pa ubongo kamene kamalamula mahomoni ena onse, ndipo afunika kuonedwa mwachangu. Koma amene ali pa jakisoni wa Depo ndipo sakusamba asatekeseke, kumeneko si kusiya kusamba kwenikweni.

Tsopano funso lanu lenileni, la kutsogolo. Sindikubisirani. Ku Mayo Clinic ku Minnesota, Walter Rocca ndi anzake anatsatira amayi pafupifupi 1,500 omwe anachotsedwa basiketi limodzi kapena onse awiri asanasiye kusamba, nkuwayerekeza ndi anzawo a msinkhu womwewo omwe sanachotsedwe, kwa zaka zambirimbiri. Zotsatira zinatuluka mu 2007. Omwe anachotsedwa anali ndi chiopsezo chokwererapo, ndi pafupifupi theka, chodzakhala ndi vuto la kuiwala kapena dementia, matenda a ubongo oiwalitsa kwambiri, atakalamba, ndipo amene anachotsedwa ali wamng'ono kwambiri chiopsezo chake chinali chachikuluponso. Mumve bwino apa, chiopsezo kukwera sikutanthauza kuti mudzadwala, ambiri mwa amayi amenewo sanadwale dementia ayi. Ndipo mbali yomwe ine ndimaigwiritsitsa ndi iyi: amayi omwe anachotsedwa mabasiketi onse awiri koma nkupatsidwa estrogen mpaka kufika zaka 50, chiopsezo chowonjezeracho sichinaoneke mwa iwo. Kafukufukuyu anali wongotsatira anthu, sanachite kugawa mankhwala mwa maere, nde sitinganene kuti watsimikiza zonse, koma akugwirizana ndi zomwe tikudziwa za mafupa ndi mtima, zomwenso zimawonongeka msanga estrogen akachoka msanga.

Mwina mukapita kuchipatala wina akakuuzani kuti mahomoni ndi oopsa, amayambitsa khansa, amawononga mutu. Ndikufuna mudziwe komwe mantha amenewa anachokera kuti mukathe kuyankha mwaulemu. Mu 2002 kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative anaimitsidwa panjira chifukwa amayi omwe ankamwa estrogen wophatikiza ndi homoni ina yotchedwa progestin anapezeka ndi khansa ya mmawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi mochulukirapo. Chaka chotsatira, 2003, nthambi yake yoona za ubongo inanena kuti mwa amayi pafupifupi 4,500, pakati pa omwe ankamwa mahomoni anadwala dementia anali 40, pomwe pakati pa omwe sankamwa anali 21. Nkhani inafalikira dziko lonse, amayi anataya mapiritsi, madokotala anasiya kulemba, ndipo ambiri a ife tinaphunzitsidwa mantha amenewo kusukulu. Koma tafunsani kuti amayiwo anali a zaka zingati. Onse a mu nthambi ya ubongoyo anali a zaka 65 kupita mtsogolo, anthu oti anasiya kusamba kalekale, thupi linazolowera kukhala opanda estrogen, mitsempha yayamba kale kuuma, kenako nkuwayambitsa mahomoni mwadzidzidzi. Kutenga zotsatira za agogo a zaka 70 nkumukaniza nazo mankhwala mayi wa zaka 41 ndi kulakwitsa, ndipo kwapweteketsa amayi ambiri. Inu simukuwonjezera kanthu kachilendo mthupi, mukungobwezera zomwe anzanu a msinkhu wanu ali nazo mwachibadwa. Nchifukwa chake malangizo a madokotala a ku Britain ndi a ku Ulaya amanena momveka kuti mayi amene wasiya kusamba msanga apatsidwe mahomoni mpaka afike zaka zomwe akanasiya mwachibadwa, cha m'ma 51, pokhapokha ngati pali chifukwa chomuletsa.

Ndinenenso mbali inayo kuti amayi ena omwe akuwerenga asanditenge molakwika. Kwa mayi amene wasiya kusamba pa nthawi yake, pa 50 kapena 52, mahomoni timapereka chifukwa cha kutentha thupi ndi kusowa tulo ngati zikumuvutitsa, osati ngati katemera wa dementia. Anayesapo kuwapatsa amayi otere atangosiya kumene, mu kafukufuku wotchedwa KEEPS, ndipo kukumbukira kwawo sikunakwere komanso sikunatsike. Nde nkhani yoteteza ubongoyi ikukhudza makamaka inu amene zinakuchokerani msanga.

Zaka zitatu zapita chichitikireni opaleshoni, ndipo mwina mukudzifunsa ngati mwachedwa. Kukanakhala bwino kuyamba sabata zoyambirira zomwezo, koma pa 41 simunachedwe, muli ndi zaka khumi patsogolo zomwe thupi lanu likuyenera kukhala ndi estrogen. Pitani ku kiliniki ya amayi pa chipatala chachikulu, ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu, kaya mupemphe kalata pa chipatala cha boma lanu, ndipo ngati bukulo laonetsa BSO mukanene mawu awa: anandichotsa mabasiketi ndili ndi zaka 38, ndabwera kudzafunsa za HRT. HRT ndi mankhwala obwezeretsa mahomoni omwe thupi lasiya kupanga. Poti chiberekero mulibe, inu mufunika estrogen yekha, ndipo apa pali nkhani yabwino, chifukwa mu kafukufuku wa Women's Health Initiative uja amayi opanda chiberekero omwe ankamwa estrogen yekha khansa ya mmawere sinachuluke mwa iwo. Mayi amene chiberekero akadali nacho sayenera kumwa estrogen yekha ngakhale pang'ono, afunika ndi homoni yachiwiri ija yoteteza mkati mwa chiberekero ku khansa. Estrogen amabwera ngati mapiritsi, ngati kachigamba komata pakhungu, kapena ngati mafuta opaka, ndipo zapakhunguzo ndi zabwinopo kwa munthu wonenepa, wa mutu waching'alang'ala kapena amene pali nkhawa ya kuundana kwa magazi. Vuto lathu ndi loti mankhwalawa sapezeka paliponse, nthawi zambiri mumachita kukagula ku famase za mtauni ndipo mtengo umaluma. Zikavuta choncho, mapiritsi olera aja a mahomoni awiri, ngati Microgynon wa ku kiliniki ya kulera, amatha kugwira ntchitoyi kwa amayi ena osakwana zaka 50, koma pa msinkhu wanu dokotala ayambe wayeza BP ndi kufunsa bwinobwino, chifukwa wa BP yokwera, wosuta fodya, kapena amene mutu ukamamuwawa amaona nyenyezi ndi mizere mmaso, mapiritsi olerawo samuyenera.

Alipo omwe sitingawapatse mahomoni: amene anadwalapo khansa ya mmawere, amene magazi anaundanapo mmwendo kapena mmapapo, amene anagwapo sitiroko, wa matenda aakulu a chiwindi, ndi amene akutaya magazi kumaliseche osadziwika chifukwa chake. Kwa amenewa pali mankhwala ena opanda mahomoni omwe amachepetsa kutentha thupi, ngati venlafaxine ndi gabapentin. Amene anachira khansa ya khomo la chiberekero, ambiri a iwo mahomoni amaloledwa, afunse dokotala wawo wa khansa, asangoganiza okha kuti nzosatheka.

Ndikufuna ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya tulo, chifukwa ndikukhulupirira kuti theka la kuiwala kwanu lili pamenepa. Zomwe munthu waphunzira masana, ubongo umazilongedza usiku ali mtulo tofa nato. Inu mukudzuka katatu kanayi, chitenje chanyowa, mwatsegula windo, mwakankha bulangete, kenako kuzizira, mwafundanso, tambala woyamba akulira inu maso ali gwa, 5 koloko mwadzuka kuphikira ana phala, 7 koloko muli kutsogolo kwa kalasi ya ana osawerengeka onse akusokosera. Zaka zitatu! Ndani angakumbukire mayina pamenepo? Pauline Maki wa ku Chicago anaika amayi timakina toyeza kutentha kuja pakhungu, ndipo anapeza kuti amene ankatenthedwa kambiri, makamaka usiku, ndi omwe ankalephera kwambiri mayeso okumbukira mawu, olo eni ake ena mwa maulendowo sankawamva nkomwe. Nde estrogen akazimitsa mbaulayo nkuyamba kugona bwino, amayi ambiri amabwera patatha miyezi iwiri itatu akunena kuti mutu wayera. Sindikulonjeza kuti zonse zidzabwerera ndendende, koma kusintha kumakhalapo. Chonde musamamwe piriton kuti mugone ngati mmene ambiri akuchitira, amagonetsa inde koma ali mgulu la mankhwala omwe amasokoneza kukumbukira, ndipo mowa nawonso umawonjezera thukuta la usiku.

Mukakapita kuchipatalako musakangoima pa mahomoni, kuiwala kuli ndi abale ambiri. Inu munataya magazi kwa nthawi yaitali opaleshoni isanachitike, nde akayeze ngati magazi anabwereradi, kuchepa magazi kumalemeretsa mutu. Akayeze shuga ndi BP. Ngati nkotheka akayeze chithokomiro, chifukwa chikamagwira ntchito mofooka munthu amaiwala, amanenepa, amamva kuzizira, ndipo chimakonda amayi a msinkhu uwu. Amene ali pa ma ARV anene, poti kachilombo pakokha kamatha kukhudza ubongo ngati sikanagonje bwino, ndipo mankhwala akale aja a efavirenz ankabweretsa maloto oipa ndi chizungulire, ngakhale ambiri anasinthidwa kupita ku dolutegravir kuyambira 2019. Ndipo ndikufunseni mayi, mtima wanu uli bwanji? Kuchotsedwa chiberekero pa 38 si nkhani yaing'ono kwathu kuno, pali zonena za achibale a bambo, pali kuuma kumaliseche komwe kumapangitsa kuti kuchipinda kukhale kowawa mpaka banja kuyamba kuzizira, pali kulira kosadziwika chifukwa chake. Matenda a kukhumudwa amachuluka estrogen akagwa mwadzidzidzi, ndipo munthu wokhumudwa saika maganizo pa chinthu, nde chomwe sichinalowe bwino sichingakumbukike. Zonsezi zili ndi chithandizo, kuumako kuli ndi kirimu wake. Ngati bambo alipo apite nawo, amve okha kuchokera kwa dokotala kuti si ulesi kapena kuti mwasiya kuwakonda.

Za agogo anu zandikhudza. Zomwe zinawagwira mwina inali dementia, matenda a ubongo omwe mtundu wake wofala ndi Alzheimer, ndipo mwa odwala atatu aliwonse awiri amakhala amayi. Gogo wotere amatuluka usiku osadziwa komwe akupita, amapezeka mbandakucha pakhomo pa eni mwina osavala bwino, akafunsidwa amayankha zosagwirizana kapena kuvomera chilichonse chomwe akumunena, basi anthu nkuti tamugwira mfiti yagwa pa ndege. Agogo ambiri amenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha matenda, chonsecho lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Agogo anu anali wodwala wofunika kusamalidwa, ndipo pepani kuti munaziona zimenezo muli mwana.

Koma taonani kusiyana kwake ndi inu. Inu mwathira mchere kawiri ndipo mwadziwa kuti mwathira kawiri, zakuwawani, mwazikumbukira mpaka kundilembera mwadongosolo lake. Dzina la mwana limakuthawani mmawa nkubwera lokha pa buleki. Wa dementia amaiwala kuti nsima amaphika bwanji, amaika ufa mmadzi ozizira nkungokhala, amasochera njira ya kutchalitchi komwe wapemphera zaka 30, amafunsa funso lomwelo kasanu pa ola limodzi osadziwa kuti wafunsa kale, ndipo kawirikawiri amene amadandaula ndi achibale, mwini wake amati ali bwinobwino. Matendawa pa zaka 41 ndi osowa kwambiri. Kukhala ndi gogo mmodzi amene anadwala atakalamba sikutanthauza kuti mwatengera. Chomwe chingandichititse kuti ndikuoneni mwachangu ndi ngati mutayamba kusochera malo odziwika, kulephera kuwerengera ndalama zomwe kale munkatha, anthu akunyumba nkumati khalidwe lanu lasintha, kapena dzanja ndi mwendo kufooka mbali imodzi, pakamwa kupotoka, zimenezo musadikire tsiku la kiliniki.

Pali zinanso zomwe zili mmanja mwanu. Gulu la akatswiri la Lancet Commission linanena mu 2024 kuti pafupifupi magawo 45 pa 100 a dementia amakhudzana ndi zinthu 14 zomwe zimatheka kuzisintha, ndipo pa msinkhu wanu zikuluzikulu ndi BP, shuga, mafuta oipa a mmagazi, kunenepa kwambiri, fodya, mowa, kukhala osatakataka, kukhumudwa ndi kusamva bwino mmakutu. Pa zonsezi ine ndimakakamira BP, chifukwa kwathu kuno anthu ambiri akuyenda nayo osadziwa, ndipo imawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete kwa zaka. Yezetsani pafupipafupi, mchere muchepetse, akakupatsani mankhwala musamasiye poti mwamva bwino. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku ambiri pa sabata, kutsika kabaza patali pang'ono ndi sukulu kumakwana. Usipa ndi matemba odya ndi minga yomwe, bonongwe, chisoso, nyemba, mtedza, izi zimathandiza mafupa omwe nawonso akusowa estrogen. Za soya anthu amanena zambiri, idyani ndi ndiwo yabwino, koma mphamvu yake ndi yochepa kwambiri moti singalowe mmalo mwa mabasiketi awiri. Ndipo mabotolo aja akugulitsidwa pa WhatsApp oti amabwezeretsa mahomoni ndi kuchapa mthupi, ndalama zanu musatayireko, bola muzisunge za mankhwala enieni.

Uphunzitsi wanuwo ndi chitetezo pawokha, ubongo umene ukugwira ntchito tsiku ndi tsiku, kukonza maphunziro, kuyankhula ndi anthu, kuimba kwaya, kuwerengera za banki mkhonde, umalimba kuposa wongokhala, nchifukwa chake ndinati choko musachisiye. Pakadali pano dzithandizeni mopanda manyazi. Jambulani mmene ana amakhalira mkalasi pa pepala nkulemba mayina awo, liikeni mkati mwa rejisitala. Mawu ofunika a phunziro alembeni pakona ya bolodi ana asanalowe. Kukhitchini mukathira mchere, chotsani botolo pamoto nkukaliika pa shelefu nthawi yomweyo, mukaliona lili kutali nde kuti mwathira kale. Chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, foni ikalira muli pakati pa ntchito isiyeni ilire.

Sabata ino pezani bukulo muone ngati pali BSO, ndipo kuyambira lero lembani pa kapepala kuti usiku mwadzuka kangati ndi thukuta komanso masana mwatenthedwa kangati, kwa masabata awiri. Mukatenge bukulo, kapepalako, ndi mankhwala onse omwe mukumwa olo a zitsamba, ndipo mufunse kunyumba ngati mayi anu kapena achemwali anu anadwalapo khansa ya mmawere kapena kuundana kwa magazi, chifukwa dokotala akakufunsani zimenezo asanalembe chilichonse. Akakakuuzani kuti mukadali mwana simungasiye kusamba, muwaonetse tsamba la opaleshoni lija ndipo mupemphe kuonana ndi dokotala wa matenda a amayi. Mukabwerako mundilembere zomwe akuuzani ndi dzina la mankhwala omwe akupatsani, tidzaone limodzi ngati mlingo wake ukukwanira msinkhu wanu, poti mayi wa zaka 41 amafunika wokwererapo kuposa umene timapatsa wa zaka 55.